Liwu Lakuti "Slant" ndi Khoka la Amalume

Anzanga ophunzira ndi inu nonse owerenga magazini yathu ino, ndapempha akonzi kuti andipatseko masamba angapo kuti ndikusimbireni za liwu limodzi la Chingelezi limene linandichititsa manyazi chaka chatha, koma pambuyo pake linanditsegula maso. Liwulo ndi lalifupi, la malembo asanu okha, ndipo limalembedwa chotere: slant. Ambiri a ife timalitchula kuti "silanti", pakuti lilime lathu silinazolowere mawu otha mwadzidzidzi ngati amenewa, ndipo aphunzitsi atopa nako kutiwongolera.

Kwathu ndi ku Nkopola, m'mphepete mwa nyanja, ndipo amene amandilipirira fizi ndi amalume anga, msodzi wa khoka. Mwezi wa November chaka chatha a komiti ya pagombe anawalanda khoka lawolo. Nditamva zimenezi mtima unandiwawa zedi, chifukwa m'khoka limenelo ndimo munkatuluka fizi yanga, makope, sopo ndi nsapato zomwe. Usiku womwewo ndinayatsa nyali ndi kulemba nkhani ya masamba atatu m'Chingelezi, yoti ituluke m'magazini ino, kuti dziko lonse limve nkhanza zimene anachitiridwa munthu wosauka. M'mawa ndinakaipereka kwa aphunzitsi amene amayang'anira magazini, ndili ndi mtima woti andiyamikira.

Patapita masiku awiri nkhani ija inabwerera. Munalibe cholakwa cha kalembedwe ngakhale chimodzi chimene anachichonga, koma pansi pake panali liwu limodzi la inki yofiira: Slanted. Ndinathamangira ku laibulale kukatsegula dikishonale, ndipo tanthauzo loyamba limene ndinapeza linali lakuti kupendekeka. Tsono ine malembo anga amapendekeradi kumanja, ngati chimanga chimene chawombedwa ndi mphepo. Ndinati mumtima, "Kani vuto ndi lomweli!" Ndinakhala pansi ndi kukopera masamba onse atatu, chilembo chilichonse chili chilili ngati msilikali pa perete. Aphunzitsi ataona anaseka mpaka kupukuta misozi, nati, "Mwanawe, malembo ako ndilibe nawo mlandu. Chopendekeka ndi nkhani yakoyi. Bwerera ku dikishonale, ukawerenge mpaka pansi."

Tanthauzo loyamba: kupendekeka kooneka ndi maso

Tiyambe ndi tanthauzo limene linandisokeretsa lija, pakuti ndilo muzu wa matanthauzo enawo. Chinthu chimene sichinaime chilili, ndiponso sichinagone chogona, koma chili pakati pa ziwirizi, Mngelezi amati chili ndi slant. Denga la nyumba limapendekeka kuti madzi a mvula azitsetsereka. Mvula ya mkuntho simagwa molunjika pansi, imadza chammbali mpaka kulowa pakhonde. Madzulo dzuwa likamapendeka kumapiri, kuwala kwake kumafika pagombe chopingasa, ndipo mithunzi ya mabwato imatalika pamchenga. Zonsezi Mngelezi angazifotokoze ndi liwu lomweli.

Akatswiri a mawu amati liwuli linalowa m'Chingelezi kuchokera ku zilankhulo za anthu a ku Scandinavia, kumpoto kwa Ulaya, kumene liwu lofanana nalo limanena za kuterereka kapena kugwera chammbali. Pa galamala, liwuli limagwira ntchito zingapo. Likhoza kukhala dzina, monga ponena kuti the slant of the roof, ndiko kuti kupendekeka kwa denga. Likhoza kukhala mneni, monga the floor slants, ndiko kuti pansi pa nyumba mpopendekeka. Likaikidwa mchira n'kukhala slanted kapena slanting limasanduka mfotokozi. Palinso mbale wake wina, aslant, amene amapezeka kwambiri m'mabuku akale, kutanthauza chopendekera.

Malembo opendekeka amene timawaona m'mabuku osindikizidwa ali ndi dzina lawolawo, italics, chifukwa anayambira m'dziko la Italy. Wosindikiza mabuku wina wa mumzinda wa Venice, dzina lake Aldus Manutius, ndiye anayamba kusindikiza nawo mabuku athunthu m'chaka cha 1501. Ndiponso kamzere kopendekeka kaja kamene timalekanitsira tsiku ndi mwezi polemba deti, kamene ambiri amakatcha slash, ena amakatchanso slant.

Abale ake amene tisawasokoneze

Chingelezi chili ndi mawu ena oyandikana ndi limeneli, ndipo wophunzira wosasamala amawasakaniza pa mayeso. Ukapendeketsa chidebe kuti utsanule madzi, liwu loyenera ndi tilt. Ndilo limenenso amagwiritsa ntchito aphunzitsi a Jogalafe ponena kuti dziko lathu lapansi ndi lopendekeka ndi madigiri 23 ndi theka, kupendekeka kumene kumatipatsa nyengo yozizira mu June ndi yotentha mu October. Munthu akatsamira khoma, kapena mtengo ukaweramira mbali imodzi, amati lean, monga nsanja yotchuka ija ya ku Pisa. Njira yotsetsereka kapena mtunda wa phiri ndi slope.

Sitima ya pamadzi ikapendekera mbali imodzi amalinyero ali ndi liwu lawo, list, lolembedwa chimodzimodzi ndi liwu lija lotanthauza mndandanda. Ife a kunyanja tikudziwa kuti kupendekeka kumeneku si kwa masewera. Amene mwafika pa Boma la Mangochi mwaona mwala wa chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pa 30 July 1946, ndipo anthu 145 anamira. Chombo chikalemera mbali imodzi sichichedwa kutembenuzika. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa tiwafunanso kutsogoloku.

Tanthauzo lachiwiri: kupendekeka kosaoneka

Nditabwerera ku dikishonale ndinawerenga mpaka pansi monga anandiuzira aphunzitsi, ndipo ndinapeza tanthauzo lina. Slant ndi kusimba nkhani moikokera mbali imodzi, kuti womvera aone zinthu monga mmene wosimbayo akufunira. Pa Chichewa tingati kukondera, kapena kukometsa mbali yako. Lingalirani za sikelo ya wogula chimanga. Sikelo yolungama imaima pakatikati, koma wogula wochenjera akaika chala chake mbali imodzi, sikelo imapendekeka, ndipo mlimi amabwerera kwawo ali wobedwa ngakhale kuti waona manambala ndi maso ake.

Liwuli lili ndi mnzake woyenda naye, ndiye bias. Mbiri ya mnzakeyu ndi yokondweretsa, chifukwa nayenso anayamba ndi kupendekeka kooneka ndi maso. Analowa m'Chingelezi kuchokera ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1500. Angelezi ali ndi masewera otchedwa bowls, amene amagubuduza mipira pa kapinga. Mipira yake imapangidwa dala kuti mbali ziwiri zisafanane, kotero kuti ngakhale uiponye molunjika chotani, imakhotera mbali imodzi. Chimene chimaikhotetsacho ndicho bias. Atelala nawonso amalidziwa liwuli. Nsalu ikadulidwa chopingasa, osatsata ulusi wake, imatamuka bwino, ndipo kansalu kopapatiza kamene amapindira m'khosi mwa diresi, kamene amayi amakatcha bayasi, kanatenga dzina lake pamenepa.

Kusiyana kwa awiriwa ndi kotere monga ndinamvera ine: bias amakhala mumtima mwa munthu, pamene slant amaonekera m'zimene munthuyo walemba kapena wanena. Mtima wokondera ndiwo umabala nkhani yopendekeka. Ndipo monga mpira uja sudziwa kuti ukukhota, munthunso kawirikawiri sadziwa kuti akukondera.

Mfuti ya pa Mangochi

Kuti mumvetse bwino, ndikutengereni pa Boma, mtunda wa makilomita opitirira 20 kuchokera kwathu ku Nkopola. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu. Mfutiyi inali pa sitima ya nkhondo ya Angelezi yotchedwa Guendolen, imene kwawo kunali pomwepa, m'masiku amene tauni ya Mangochi inkatchedwa Fort Johnston.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu August 1914, kapitawo wa sitimayi, Rhoades, analamulidwa kukasaka sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Anakaipeza pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, anaiwombera ndi kuilemaza, ndipo kapitawo wake, Berndt, anamgwira ukaidi. Nyuzipepala za ku London zinalengeza kuti Angelezi apambana nkhondo ya pamadzi pa nyanja ya Nyasa.

Kodi ananama? Iyayi. Koma tamvani zimene wowerenga wa ku London sanazione m'mutu wa nkhaniwo. Sitima ya Ajeremani ija inali itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, motero sikanatha kuthawa kapena kubwezera. Berndt anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Iye ndi Rhoades anali mabwenzi omwera pamodzi, ndipo atamva mfuti anapalasa kabwato kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Wowerenga mawu akuti "kupambana nkhondo" ankaona m'maganizo mwake zombo ziwiri zikuponyerana zipolopolo pakati pa mafunde, pamene zoona zake chombo chimodzi chinali gone pamtunda.

Tsono chenjerani, pakuti inenso ndikhoza kukupendeketsani mbali inayo. Ndikalekera pomwepa mudzaseka ndi kunena kuti zonsezo zinali zachibwana. Koma sizinali zachabe, chifukwa kuchokera tsiku limenelo Angelezi anatha kuyendetsa asilikali ndi katundu panyanja popanda wowatsekereza, mpaka ku Karonga kumene anamenyana ndi Ajeremani mu September chaka chomwecho. Wotamanda yekha wapendeketsa nkhani, woseka yekha wapendeketsanso.

Chitsanzo china chili m'mabuku akale a mbiri, amene ankati David Livingstone "anatulukira" nyanja yathuyi mu September 1859. Kufika anafikadi, ndipo anafikira kuno kummwera, kumene Shire amatulukira. Koma anapeza midzi, mabwato ndi makoka, ndipo dzina limene analemba pa mapu, Nyasa, analimva kwa eni dziko, pakuti pa Chiyao liwuli limangotanthauza nyanja. Liwu limodzi lokha lakuti "anatulukira" likuonetsa kuti wolembayo anaima ku Ulaya poyang'ana. Kwa agogo athu amene anali pagombe tsiku limenelo, kunangobwera mlendo.

Tibwerere ku khoka lija

Mmodzi wa akonzi a magazini ino ndi mtsikana wa m'kalasi mwathu, ndipo bambo ake ali m'komiti ya pagombe ija. Iye anaiwerenga nkhani yanga. Pa nthawi yopuma anandipeza pansi pa mtengo, nati mwaulemu, "Achimwene, m'nkhani mwanumu mulibe bodza. Koma masikito aja mwawasiya kuti?" Ndinasowa choyankha, ndipo ndinangoyang'ana pansi. Madzulo ake ndinaiwerenganso nkhaniyo ndi maso ena, ndipo ndinapeza njira zitatu zimene ndinaipendeketsera popanda kunama.

Njira yoyamba ndi kusankha mawu. Ndinalemba kuti a komiti "anaukira" amalume ndi "kuwalanda chuma chawo". Amalume ndinawatcha "nkhalamba yosauka", a komiti ndinawatcha "gulu la anthu". Mawu amenewa anali ataweruza kale mlandu wowerenga asanamve chimene chinachitika.

Njira yachiwiri ndi kusiya zina. Sindinalembe kuti November ndi December ndi miyezi imene lamulo limaletsa kukoka khoka kuno kummwera kwa nyanja, chifukwa ndi nyengo imene chambo chimaswana. Sindinalembenso kuti kuthumba kwa khoka lija amalume anasokererako masikito, maukonde aja otetezera udzudzu, amene maso ake ndi aang'ono kotero kuti ngakhale kasawala sapulumuka. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, chotero wogwira mayi mmodzi pa nyengo imeneyi wapha banja lonse. Nsombayi yachepa kwambiri, mwakuti m'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu ya kutheratu. Zonsezi ndinkazidziwa, pakuti tinaphunzira m'kalasi, koma cholembera changa chinazilumpha.

Njira yachitatu ndi kaikidwe ka zinthu. Misozi ya azakhali ndinaiika pa mzere woyamba, ndi kuifotokoza ndime yathunthu. Mawu a wapampando wa komiti ndinawaika kumapeto kwenikweni, mzere umodzi wokha, pamene wowerenga watopa kale. Nkhani yanga inali ngati chombo chimene katundu yense waunjikidwa mbali imodzi.

Akulu anati anyani amasekana zikundu. Ine ndinali woyamba kuseka nyuzipepala za ku London, osadziwa kuti ndachita zomwezo ndi khoka la amalume.

Ndinailembanso nkhani ija kachitatu. Ndinaikamo lamulo, masikito ndi kasawala. Koma sindinataye mbali ya amalume, pakuti nayonso ndi yoona: miyezi yoletsedwayo ndi imene chakudya chimayamba kuchepa m'nyumba, fizi ya mu January imakhala ikudikira, ndipo msodzi amene alibe munda waukulu kapena ntchito ina sadziwa kolowera. Ndisanaipereke ndinapita kukawawerengera amalume, ndikumasulira m'Chichewa. Anamvetsera ali chete, akusoka ukonde. Nditamaliza anati, "Mphwanga, ndimayesa ndikuphunzitsa munthu wodzandiimira pa mlandu, kani ndikuphunzitsa woweruza?" Sabata yathunthu sanandilankhule bwino. Khoka analiombola atalipira chindapusa, masikito atachotsedwa, ndipo fizi yanga inalipiridwa mochedwa. Sindinganene kuti mtima wanga unakhala m'malo pa masiku amenewo, ndipo mpaka lero nkhaniyi sitiikamba pa chakudya.

Matanthauzo ena awiri

Ndisanatsirize nditchule ntchito zina ziwiri za liwuli. Si nthawi zonse pamene limanena choipa. Mngelezi akati a new slant on the problem, akutanthauza kuti wina waiona nkhani kuchokera mbali imene ena anali asanaionere, ndipo kumeneko ndi kuyamikira. Msodzi, wogula nsomba ndi mlangizi wa za usodzi aliyense amaiona nyanja poima iye, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Cholakwa chimadza pamene munthu abisa kuti waima mbali imodzi, nanamizira kuti waima pakati.

Ntchito inayo ndi yonyansa. Anthu ena amwano anagwiritsa ntchito liwuli ponyoza anthu a kummawa kwa Asia chifukwa cha maonekedwe a maso awo. Kumeneko ndi kutukwana kwa tsankho, ndipo mwana wa sukulu wa makhalidwe asayerekeze kulitchula motero, ngakhale mwanthabwala.

Mawu otsiriza

Mwina wina angafunse kuti, "Kodi alipo munthu amene angalembe nkhani yosapendekeka ngakhale pang'ono?" Ine ndikuganiza kuti palibe, pakuti aliyense ali ndi amalume ake. Koma mmisiri womanga nyumba, podziwa kuti diso lake likhoza kumunamiza, amayenda ndi levulo ndi chingwe. Ifenso tikhale ndi zoyezera zathu. Tikamva nkhani pa wailesi, m'nyuzipepala, pa foni kapena pa chitsime, tizifunsa kuti: wanena ndani, ndipo apindulanji ndikakhulupirira? Wasankha mawu otani? Ndani amene sanapatsidwe mpata wolankhula? Tisamangodalira za kumva kwa munthu mmodzi, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo tikamalemba tokha, tiziyamba tawerengera munthu wa mbali inayo, monga mtsikana uja anandithandizira ine.

Nkhani ya khoka ija mwaiwerenga kale m'magazini yapita. Malembo anga akupendekerabe kumanja, ndipo aphunzitsi anandilola kuti ndiwasiye choncho. Tsalani bwino nonse.

Ine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 4